Chigubu Chachikasu

Chinali chigubu cha mafuta ophikira, cha malita asanu, chachikasu. Chogwirira chake chinathyoka kalekale, ndiye amayi anamangapo chingwe cha buluu chimene anadula ku chingwe choyanikira zovala. Chivindikiro sichinkagwira bwino. Ankayamba ayala kapulasitiki pakamwa pake, kenako n'kutseka. Ndikadali nacho. Chili pansi pa bedi kuno ku Caledonia, ndipo ana anga amadziwa kuti si chotungira madzi.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Budiriro, mumzinda wa Harare, m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni, ine ndi amayi basi. Za bambo palibe chonena. Chinali chaka cha kolera, mwezi wotentha mvula isanagwe. Mipopi inauma. Zimbudzi zinkasefukira mumsewu, madzi akuda n'kumatsetsereka m'ngalande mpaka kudambo. Ena ankatunga m'zitsime zosaya zokumba okha kuseri kwa nyumba. Ena ankaima pamzere wa mjigo, umene kuno timati chibhorani, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Odwala ankawanyamula pa wilibala. Wilibala ikanyamula njerwa imalira mwina, ikanyamula munthu imalira mwina. Mpaka lero ndikamva kulira kwachiwiriko ndimasiya chimene ndikugwira.

Sukulu isanatseke, aphunzitsi athu anajambula pa bolodi. Anajambula chimbudzi, ngalande, mtsinje, nyanja, mpopi, kenako munthu atanyamula kapu. Zonsezo anazilumikiza ndi mzere umodzi wozungulira. Anatiuza m'Chishona kuti zimene mwataya lero mudzazimwa mawa. Anzanga anaseka. Ine sindinaseke. Sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekera pulayimale, koma chithunzi chimenecho ndinachiloweza kuposa china chilichonse.

Amalume anafika Lolemba m'mawa. Anali achimwene awo a amayi, munthu wamfupi, wa manja akuluakulu, wotsimphina mwendo wamanzere. Anagwirapo ntchito ya njanji ku Lochinvar mpaka ntchitoyo inatha. Kuyambira pamenepo, chilimwe chilichonse ankapita ku damu la Manyame, kupitirira Norton, n'kumayenda wapansi m'mbali mwa madzi masiku ambiri, akuwedza ndi kuyanika nsomba. Ankagona kutchire. Sankatenga munthu. Sanakwatire, analibe mwana, ndipo ana ankatiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira nkhuku za eni zikalowa pabwalo pake.

Tsiku limenelo amayi anandidzutsa ndi mawu okha. Anati ndituluke ndikadikire panja. Atatsegula chitseko anakhala pansi pakhomo, atafunda chitenje ngakhale kunali kutatentha kale. Chikwama changa cha kusukulu chinali pambali pawo, mabuku atachotsamo. Chigubu anachikankha ndi phazi mpaka chinafika pamene ndinaima.

"Ima pomwepo," anatero nditafuna kuyandikira. "Upita ndi amalume ako. Madzi ako ndi awa, ndawiritsa ndekha. Usamwe madzi ena. Ngakhale akupatse ndani. Wamva?"

"Ndamva."

"Bwereza."

Ndinabwereza.

"M'thumba la m'kati ndasokeramo kanthu. Usakakhudze. Ukadwala, uwauze amalume ako ang'ambe."

Izi anazinena motsitsa, amalume ali kumpanda akumanga katundu wawo. Atabwera, awiriwo analankhula pang'ono. Ndinamva amalume akuti, "Nanga iwe?" Amayi anati, "Amayi eni nyumba alipo. Pitani, achimwene, dzuwa lakwera." Ine ndinkati akunena za kutunga madzi, poti wotunga pakhomopo ndinali ine.

Masiku onse ndikamachoka ankandigwira pamutu. Tsiku limenelo sanandigwire. Ndinakhumudwa, ndipo sindinacheuke. Ndili ndi zaka zambiri tsopano ndipo ndachitapo zopusa zambiri, koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi kusacheuka kumeneko.

Tinakwera lole yopanda katundu mpaka kupitirira Norton. Kuchokera apo, miyendo. Chikwama cha amalume chinali thumba la feteleza losokerera malamba a chubu cha galimoto. Munali lona wakale wa kunjanji, bulangete, chitini chophikira, mbedza, ufa, mchere, machesi ndi mpeni. M'changa munali bulangete, juzi ndi maputi. Chigubu ndinayamba ndachinyamula pamanja, chingwe chija n'kundicheka zala. Amalume anachilanda n'kuchimangirira pamwamba pa chikwama changa. Chigubu chodzaza sichilira. Chimangolemera. Chimayamba kulira madzi akamachepa, ndipo ine ndinali ndisanadziwe kuti mawu amenewo ndidzawaopa.

Tinadutsa minda ya mafamu yosalimidwa, mawaya a mpanda atagwa, udzu ukufika m'khosi. Kenako njira inalowa m'nkhalango ya miyala ndi mitengo ya masuku. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa. Kunalibe nyumba, kunalibe munthu, kunalibe ngakhale galu. Ine wokulira m'chipinda chimene unkamva woyandikana naye akutsokomola, chetelo linandiopsa kuposa njoka. Ndinamwa madzi kambirimbiri tsiku loyambalo. Sindinkawerenga.

Madzi tinawaona masana. Ndinali ndisanaonepo madzi ochuluka choncho. Tsidya lina linkangooneka ngati utsi. Pakati anali oyera ngati malata atsopano, koma m'mphepete anali obiriwira, namasupuni atadzaza, ndipo ankanunkha fungo limene ndinkalidziwa.

"Madziwa amachokera kuti, amalume?"

"Kwanu komweko. Mtsinje umatola zonse za m'tauni, udzaze nyanja ya Chivero, zotsala zitsikire kuno."

Anayankha akuyenda. Sanadziwe chimene anachita. Ine ndinaona bolodi ija, mzere wozungulira uja, ndi munthu wa kapu uja.

Amalume anali ndi malamulo awo a kutchire, ndipo ankawanena kamodzi kokha. Osagona panjira ya mvuu, imene umaidziwa ndi mizere iwiri yopondeka, udzu utatsala pakati. Osaima m'madzi. Osatunga pamalo amodzi kawiri, chifukwa ng'ona imaloweza. Kukutumula nsapato usanavale. Moto waung'ono. Madzi akumwa sankatunga m'nyanja mwenimweni. Ankayenda mapazi khumi kuchokera m'mphepete, n'kufukula mchenga ndi manja mpaka madzi atayamba kudzera pansi. Ankadikira akhazikike, n'kuwasefa ndi malaya, n'kuwawiritsa m'chitini nthawi yaitali, mpaka nkhuni zitatu zitanyeka. Lero ine ndimakumba zitsime, ndiyo ntchito yanga, ndipo ndikudziwa kuti madzi amenewo anali abwino kuposa onse a ku Budiriro chaka chimenecho. Koma mwana uja anaona dzenje losaya lofukula ndi manja. Linali ngati zitsime za kuseri kwa nyumba zimene zinkadzaza mawilibala.

Madzulo tinamanga lona pakati pa mitengo iwiri. Amalume anaponya masamba onunkhira a kutchire m'chitini, n'kundithirira m'kapu.

"Tiyi wa anthu osauka. Imwa."

Ndinalandira ndi manja awiri. Atatembenuka kukoleza moto, ndinathira mumchenga kuseri kwa mwala, n'kufotsera ndi phazi. Ndinachita chimodzimodzi m'mawa mwake, ndi madzulo ake, ndi masiku otsatira.

Anthu ndikawauza nkhaniyi amafunsa kuti bwanji sunangonena. Funso la munthu wamkulu limenelo. Amayi anati ngakhale akupatse ndani. Sanati kupatula amalume ako. Ndikudziwa tsopano kuti ankanena za panjira, za mabotolo ogulitsa pa siteji, za zitsime za m'mafamu. Analibe mphamvu zofotokoza zambiri. Komanso amalume sanali munthu womuyankha kuti ayi. Ndipo panali china chimene sindinauzepo munthu kwa zaka zambiri. Ndinapangana ndekha mumtima kuti ndikasunga mawu a amayi osaphonya ngakhale dontho, kunyumba sikuchitika kanthu. Sindikudziwa kuti ndinapangana ndi ndani. Koma pangano linali limenelo.

Lachiwiri m'mawa ndinakweza chigubu kudzuwa. Madzi anali atatsika kupitirira theka. Ndinatola msomali wa mpanda n'kukanda mizere pa chigubucho, mzere umodzi tsiku limodzi. Ndinakanda isanu. Mizereyo inayandikana kwambiri, moti ngakhale ine wosadziwa masamu ndinaona kuti sizitheka. Ndinayamba kumwera m'chivindikiro. Zitatu m'mawa, zitatu masana, zitatu madzulo. Koma dzuwa la mwezi umenewo silimva za zivindikiro.

Njira inkatsata madzi, kenako n'kuwasiya, kukwera miyala, kutsikanso kudambo louma lokhala ndi mapazi a mvuu oumira m'matope, akuya ngati mitondo. Amalume ankayenda patsogolo, thumba lawo likupendekera mbali ya mwendo wotsimphinawo. Pamsana panga chigubu chinkalira, khuchu, khuchu, pa phazi lililonse. Tikaima, iwo ankaponya mbedza ali pamwamba pa thanthwe, ine n'kumatumbula nsomba, kuzipaka mchere ndi kuziyala pamwala. Mcherewo unkalowa m'mabala a m'zala. Chakudya chathu chinali nsomba zowotcha za mchere zomwezo. Munthu wosunga madzi sayenera kudya zimenezo, koma panalibe wondiuza. Ndinkatola masuku ogwa n'kumayamwa. Ankathandiza mphindi imodzi, kenako m'kamwa munkatsala nomenome.

Panali chinthu chimodzi chimene amalume ankachita tsiku lililonse dzuwa lili pamutu. Ankafunafuna kaphiri kapena thanthwe lalitali, n'kukwera okha. M'thumba la malaya anali ndi foni yaing'ono yomangidwa ndi labala, imene inkakhala yozimitsa kuti batire lisathe. Pamwambapo ankayiyatsa, n'kuikweza kumwamba, kutembenukira uku ndi uku. Ankakhala mphindi zochepa n'kutsika. Ndikafunsa ankati, "Palibe." Ndinkaganiza kuti akudikira ogula nsomba.

Madzi a amayi anatha Lachitatu madzulo. Dontho lomaliza ndinalidikira chigubu chili chozondoka pamwamba pa lilime. Kenako ndinaona vuto lina. Chigubu chopanda kanthu sichilira, ndipo amalume akanazindikira. Akanandithirira madzi a m'chitini n'kuima pomwepo mpaka nditamwa. Ndiye pamene iwo ankatola nkhuni, ndinatsikira kumadzi, ndinakankha namasupuni, n'kumiza chigubu mpaka kotala. Madziwo anali ofunda, obiriwira, tizinthu tikuyandama. Manja ndinawapukuta pa kabudula kambirimbiri. Kuyambira pamenepo, tikaima ndinkakweza chigubu kukamwa milomo nditatseka, n'kumayendetsa kholingo ngati ndikumeza.

Kunyamula madzi pamsana uli ndi ludzu, ukuwamva akulira pafupi ndi khutu, nyanja yonse ili kudzanja lako lamanja. Sindidziwa mmene ndingakufotokozereni. Ndisiye.

Lachinayi masana amalume anakwera thanthwe monga mwa masiku onse. Sanatsike msanga. Ndinakhala pamthunzi ndikuwaona ali chiimire, dzanja lili kukhutu. Kenako anakhala pansi pamwala wotenthawo. Anakhala nthawi yaitali, mpaka mthunzi umene ndinakhalapo unasuntha. Atatsika anandidutsa osandiyang'ana. Analowa m'nyanja ndi nsapato zomwe mpaka m'mawondo, munthu yemwe anandiuza kuti osaima m'madzi. Anasamba kumaso, n'kusambanso, n'kusambanso. Ine ndinkangoyang'ana pamadzi kufuna maso a ng'ona.

"Amalume, mwati osaima m'madzi."

Anatuluka. Nsomba zimene tinayanika anazisiya pamwala pomwepo.

"Nyamula. Tiyende."

Tsiku limenelo sitinapume. Masiku ena onse tinkabisala dzuwa likafika pamutu, koma apa anayenda ngati akuthamangitsidwa, mwendo wotsimphinawo ukukokera fumbi. Sanacheuke ngakhale kamodzi. Ine ndinkatsatira chidendene chawo. Thukuta linasiya kutuluka. Mutu unkagunda pamodzi ndi nyenje. Lilime linakula m'kamwa, louma ngati chikopa. Nthawi ina ndinaona amayi atakhala pamwala kutsogolo atafunda chitenje, ndipo nditafika chinali chitsa. Madzulo sanaphike. Anangowiritsa madzi, n'kuika kapu pafupi nane, iwo n'kukakhala patali atandifulatira. Ndinayang'ana kapuyo nthawi yaitali. Ndinainunkhiza. Kenako ndinaithira mumchenga.

Lachisanu m'mawa ndinayesa kukodza, osatuluka kanthu. Tinanyamuka. Tinayenda mwina ola limodzi. Pokwera kamtunda, minofu ya miyendo inakokana zolimba, maso anachita mdima, ndipo ndinamva chigubu chikundimenya kunkhongo. Nditatsegula maso ndinali chagada pansi pa mtengo, nkhope ya amalume ili pamwamba panga.

Anatsina khungu la pamimba panga n'kusiya. Linatsala chiimire. Anandikoka chikope, n'kuyang'ana maso olowa m'kati. Zizindikiro zimenezo aliyense wa ku Harare ankazidziwa chaka chimenecho.

"Watsegula m'mimba kangati?"

Ndinapukusa mutu.

"Usandinamize, mfana. Kangati? Wasanza?"

Ndinapukusanso. Anamasula chigubu, n'kuthira pang'ono pachikhatho. Anaona zobiriwira zija. Anandigwira mapewa n'kundigwedeza mpaka mano anawombana.

"Wakhala ukumwa izi? Izi? Ine ndikuwiritsa madzi tsiku ndi tsiku, iwe ukumwa zimbudzi za m'tauni?"

Mawu anavuta kutuluka. "Sindinamwe."

"Sunamwe chiyani?"

"Chilichonse. Kuyambira dzana."

"Tiyi uja?"

"Ndinkataya."

"Chifukwa?"

"Amayi anati ndisamwe madzi ena. Ngakhale andipatse ndani."

Anandisiya. Anakhala pansi m'fumbi miyendo atatambasula ngati mwana. Pakhosi pawo panatuluka mawu ena, sindinadziwe ngati n'kuseka. Ndinakumbuka za thumba lija, n'kuwauza. Anakoka chikwama, anatulutsa mpeni, n'kudula ulusi wakuda umene amayi anasoka mothinana. Munatuluka pulasitiki ya buledi yomangidwa mfundo ziwiri. M'kati munali shuga wokwana kapu imodzi, kamchere kokulunga m'nyuzipepala, ndi supuni yathu yaing'ono yopindika khosi.

Shuga ameneyo ndinkamudziwa. Ankakhala m'chitini pamwamba pa wadirobu. Amayi anapatsidwa ndi mnzawo wa kutchalitchi amene anachokera ku Joni, nthawi imene m'masitolo munali mashelefu okhaokha. Miyezi yonseyo tinkamwa tiyi wopanda kanthu. Ndikapempha ankati ameneyo si wa tiyi.

Amalume anagwira pulasitikiyo ndi manja awiri. Anaiyang'ana ngati muli chinthu chamoyo.

"Mlongo wanga ndi chitsiru," anatero. "Chitsiru chenicheni."

Ngakhale ndinali gone chomwecho, ndinapsa mtima. Palibe anatukwanapo amayi pamaso panga.

Anakoleza moto mofulumira. Anafukula mchenga, anasefa, anawiritsa. Chigubu anachitsuka katatu ndi madzi owira. Anadikira ena azizire, akuwapepesa ndi chipewa, n'kuyeza shuga ndi mchere ndi supuni ija, milomo ikuwerenga. Anandidzutsa n'kunditsamiritsa pa bondo lawo. Supuni itafika pakamwa, ndinaluma mano.

"Tsegula."

Ndinakana.

"Ufa, iwe. Ukumva? Ufera pano, nyanja ili apo."

Ndinkadziwa kuti akunena zoona. Koma ndinali nditasunga masiku anayi. Ndikanamwa, zonse zija zikanapita pachabe, ndipo kunyumba kukanachitika chinthu. Anayesa kukanula nsagwada ndi chala, ndinawaluma. Anakweza dzanja kuti andimenye, n'kulitsitsa.

Kenako anapisa m'thumba la malaya. Anatulutsa foni, anadina, n'kuika kukhutu. Tinali m'chigwa, pansi pa miyala. Ndinkadziwa kuti foniyo imagwira pamwamba pokha. Ndinkadziwa, koma sindinafune kudziwa.

"Alo. Mlongo, ndine. Mwana wakoyu akukana madzi. Eya. Akuti ndiwe unamuletsa." Anakhala chete ngati akumvetsera. "Ndawiritsa, nkhuni zitatu. Shuga ndamupeza. Ndamupeza, iwe." Anatsokomola. "Ndili naye. Usade nkhawa. Ndimusunga ine. Ndati ndimusunga. Upume tsopano."

Analankhula nthawi yaitali, munthu amene tsiku lonse sankakwanitsa mawu makumi awiri. Zina sindinazimve, ankanena za kale, za kukomboni ya njanji kumene anakulira, za nsapato zina zimene anamubisira ali ana. Ndinatambasula dzanja kuti andipatse. Anabweza foni m'thumba.

"Batire latha. Akuti umwe. Akuti madzi a amalume ako ndi ake omwe."

Ndinatsegula pakamwa.

Supuni yoyamba sinafike n'kummero komwe, inathera palilime. Ndinafuna kulanda chigubu chonse, iwo anachiika kumbuyo. Supuni imodzi, kudikira, supuni ina. Anamanga lona pamwamba panga, ananyowetsa malaya awo n'kundiyala pachifuwa. Anachita zimenezo tsiku lonse osadya, osasuntha, bondo lawo lili pansi pa mutu wanga. Dzuwa litapendeka ndinati ndikufuna kukodza. Anandiimiritsa, n'kuyang'anitsitsa timadzi tofiira timene tinagwa pa mchenga, ngati mlimi akuona mvula yoyamba.

Tinakhala pamenepo masiku atatu. Kenako tinapitiriza pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa njirayo, kumene kunali misasa ya asodzi ena. Tinakhalako milungu itatu, mpaka mvula inagwa. Pa thanthwe sanakwerenso. Ndikafunsa za kunyumba ankati kukadali matenda. Kapu iliyonse imene ankandipatsa ankaima pomwepo mpaka aone pansi pake.

Tsiku lobwerera ndinafukula mchenga ndekha, ndinasefa, ndinawiritsa nkhuni zitatu, n'kudzaza chigubu mpaka pakamwa. Ndinati ndikawapatse amayi, aone kuti ndaphunzira, komanso asakaime pamzere tsiku limenelo. Amalume anandiona ndikuchita zonsezo. Ndinanyamula malita asanu amenewo masiku anayi, osamwako.

Anandiuza tili m'mbali mwa msewu waukulu, tikudikira lole. Sanandiyang'ane.

"Sitikupita ku Budiriro. Ukakhala ndi ine. Mayi ako anatisiya Lachitatu lija. Anaikidwa tsiku lomwelo."

Magalimoto awiri anadutsa. Ndinafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Nanga pa foni paja?"

"Nyamula chikwama. Lole iyo."

Sindinawalankhule mwezi wathunthu. Ndinkadya chakudya chawo, kugona pansi m'chipinda chawo cha kufupi ndi njanji, koma osawalankhula. Mlandu wawo unali pawiri: anandinamiza, ndipo anatukwana amayi atamwalira kale. Sanadziteteze. Anandilera zaka zisanu ndi zinayi mpaka nawonso anapita, ndipo nkhani ya kunyanja sitinaikambepo ngakhale tsiku limodzi. Kuti iwo sanaponye dothi pamanda a mlongo wawo yekhayo chifukwa anali kutchire ndi ine, ndinadzaziganiza nditakula kale.

Za shuga ndinazimva kwa amayi eni nyumba, nditapita kukatenga zovala zotsala. M'chipindamo munkanunkhabe mankhwala opopera. Anandiuza kuti amayi anayamba kudwala usiku wa Lamlungu, ndipo nkhuni zomaliza anawiritsira madzi a m'chigubu. Titangochoka, amayi eni nyumbawo analowa kuti awapangire madzi a shuga ndi mchere podikira wilibala. Anakwera pampando, anatsitsa chitini cha pa wadirobu, n'kupeza mulibe kanthu. Anayenda nyumba zisanu ndi imodzi mumzere wathu. Panalibe amene anali ndi shuga. Kumatenti a kuchipatala anafika nawo mochedwa, atauma kale.

Sindikudziwa ngati kapu imodzi ya shuga ikanawapulumutsa. Ndafunsapo anamwino awiri, mayankho awo anasiyana. Ndinasiya kufunsa.

Chimene chimabwera ndikatulutsa chigubu chija pansi pa bedi si manda, poti sindinawaone tsiku limene amayi anaikidwa. Ndi Lachisanu lija, pansi pa lona, madzi otsekemera akutsika kukhosi. Mutu utayamba kuyera, ndinaona kuti shuga wa m'pulasitiki watsala pang'ono, ndipo ndinachita mantha ndi chinthu chimodzi chokha, kuti amayi akakalipa tikamaliza yense. Ndinagwira dzanja la amalume.

"Musiyeko pang'ono. Amayi akathire mu tiyi tikafika."

Anandiyang'ana. Kenako anayeza masupuni awiri, anawamanga pakona ya pulasitiki mfundo ziwiri monga anamangira mwini wake, n'kubwezera m'thumba la m'kati. Ine ndinagona tulo, mtima uli m'malo.